Chidindo cha a Paison

Sellina atapeza ntchito ku Blantyre yofufuza mmene udzudzu umasinthira mbadwo ndi mbadwo mpaka kuleka kufa ndi mankhwala, anapempha kalata yosamukira ku mpingo wa kumeneko. Mkhristu wa kwa Kanduku sasamuka popanda kalata imeneyi, ndipo woilemba anali bambo ake omubereka, a Paison, mlembi wa mpingo kwa zaka makumi awiri.

Koma akulu a mpingo anali atamva kale. Nkhani ya udzudzu ija pofika m'makutu mwawo inali itamera mchira, ati mwana wa mlembi akuphunzitsa kuti anthu anachokera kwa anyani. Anagamula kuti kalata ituluka pokhapokha Sellina ataimirira Lamulungu n'kukana maphunziro akewo pamaso pa onse.

Lamulungu Sellina sanaimirire. Sikunali kulimba mtima ayi. Anangokhala pa benchi n'kumayang'ana chiswe chikukwera khoma, mumtima muli zii. Kunena zoona, anali atatha zaka ziwiri osapemphera, ndipo sankadziwanso ngati amakhulupirira kapena ayi. Kalatayo anaipempha pongofuna kuti bambo ake asachite manyazi.

Lolemba a Paison anamukweza pa njinga mpaka pa boma. Njira yonse ankangokamba za mbuzi yawo yodwala. Minibasi itatsala pang'ono kudzaza, anamupatsira envulopu pawindo.

Anaitsegula pomwepo. Chidindo cha mpingo chinalipo, ndipo dzanja la bambo ake linali litalemba kuti Sellina ndi Mkhristu wokhazikika. Anafunsa ngati akulu aja asintha maganizo.

"Ayi, ndadinda ndekha," anatero a Paison. "Chidindocho ndinakasiya kwa abusa dzulo, ndi buku la mpingo lomwe. Ulembi ndatula. Za udzudzuzo sindizidziwa ine, koma mwana wanga ndimamudziwa. Iwe umapemphera."

Sellina anadikira kuti misozi ibwere, sinabwere. Anadikira kuti pakamwa patseguke anene zoona, sipanatseguke. Kondakitala anamenya chitseko, galimoto n'kuyamba kuyenda.

"Zikomo, bambo," anatero.

Anapinda kalatayo kawiri n'kuilowetsa pakati pa mapepala a ntchito. Atacheuka anawaona akumutsazika dzanja lili m'mwamba, chala chachikulu chikadali ndi inki.