Mdani wa Amayi

"Ndiye wabwera kudzandipempha kuti ndikawaphe amako."

"Inde, ngati mulibe zochita zambiri lero."

"Mbuzi sindinamalize kukama."

"Mbuzi zidikira, bambo. Amayi sadikira. Chiyambire dzulo akutsokomola magazi."

Vorkash anasiya bere la mbuzi n'kupukuta manja pantchafu. Anali nkhalamba ya fuko la Phulusa, kutsidya kwa chigwa, ndipo nyanga yake ya m'kamwa ya kumanzere inali yothyoka pakati. Amene anaithyola ndi amayi anga, a Zugra, pankhondo ya pa Mlatho, ine ndisanabadwe. Iwonso anabwerako ndi diso limodzi. Linalo linatsala pansonga ya mkondo wa Vorkash. M'dziko lonse la Aoroki, mtundu wathu wa nyanga za m'kamwa, amayi analibenso mdani wina wamoyo.

Bazgur, mulungu wathu, ali ndi msasa kuseri kwa mitambo, ndipo pachipata chake amalowa okhawo ophedwa ndi mdani. Wofera pachikopa chogonapo, kaya ndi chifuwa kaya ndi ukalamba, amasanduka ntchentche n'kumazungulira makola mpaka kalekale. Kale lamuloli silinkasowetsa aliyense tulo, poti palibe ankafika pokalamba. Koma mafuko atapangana mtendere ankhondo anayamba kumera imvi, ndipo ntchentche zinachuluka.

"Akutukwanabe?" anafunsa Vorkash, akutsitsa nkhwangwa yake kudenga.

"Anati ndikuuzeni kuti muyambe mwasamba. Safuna kuphedwa ndi wonunkha tonde."

Anaseka mpaka kugwira khoma. Kuseka kumeneko sikunandisangalatse. Njira yonse yotsetsereka kuchigwa ankangosimba za amayi, mmene ankathamangira, mmene anamulumira khutu, ndipo mawu ake anali ngati a munthu wokumbukira ukwati wake.

Tinawapeza pabwalo la kachisi dzuwa lili paliwombo. Anali atamangiriridwa chiimire kumzati, monga mwa mwambo, mpeni uli m'dzanja. Afuko anali atazungulira bwalo, oimba ng'oma atakweza manja, akudikira. Pafupi ndi mzatiwo panaima Wonola Ulmog, wansembe wosamala zida za Bazgur, mwala wake wonolera ukulendewera pakhosi.

"Wachedwa, mbuzi ya nyanga imodzi iwe," anatero amayi. Mawu ankatuluka ngati akudutsa m'madzi.

"Ndimayenda pang'onopang'ono, Zugra, kuti undione bwino ndi kadiso kakoko."

"Dzanja," anatero Wonola.

Vorkash anatambasula chikhatho, Wonola n'kuchinyambita. Thukuta la chidani limawawa ngati ndulu. La chisoni ndi mchere, ngati misozi. Wonola analizunguza m'kamwa, kenaka analavula.

"Mchere. Uyu wabwera kudzathandiza mnzake. Akakantha chonchi ndi mphatso, si imfa ya nkhondo. Chipata sichitseguka."

Oimba ng'oma anatsitsa manja.

"Atate Wonola," ndinatero, "tandimasulireni. Wodana nawo kwenikweni sangabwere. Angakonde awasiye afere pachikopa, asanduke ntchentche. Ndiye aliyense wovomera kubwera wawamvera chisoni. Nanga woyenera ndi uti?"

"Lamulo si langa, mwanawe. Ine ndimangolawa."

"Chiyambire mtendere, alipo amene analowa?"

"Ukutha nthawi ya amako."

Sananame. Ndinatembenuka n'kumumenya khofi Vorkash ndi mphamvu zanga zonse, kuti apse mtima. Mutu wake sunasunthe n'komwe.

"Dzanja la amake lenileni," anauza anthu, "kungoti likadali lanthete."

Wina anamulavulira kumsana. Wina anafuula kuti a Phulusa amabadwa akuthawa, miyendo patsogolo. Amayi anasonkhanitsa mpweya n'kumutukwana iye, agogo ake, mbuzi zake, ndi mkazi wake amene anamuthawa n'kukakwatiwa ndi wosoka zikopa. Vorkash ankangogwedeza mutu. Pamene amayi anatsamwa pakati pa chitukwano, magazi n'kutsikira pachibwano, ndinaona maso ake akulengeza misozi.

"Ndikuyesa, Zugra," anatero. "Bazgur ndi mboni, ndikuyesa."

Wonola analawanso. "Uku ndiye kwaipiraipira. Mchere woti n'kuumitsira nyama."

Mutu wa amayi unayamba kulendewera. Zala zinamasuka, mpeni unatsala pang'ono kugwa, ndipo ndinathamanga kukazipindanso. Zinali zozizira. Ntchentche inatera patsaya pawo, pansi pa diso lakufa lija, n'kuyamba kutikita miyendo. Ndinaiingitsa. Inazungulira mzati n'kubwerera pomwepo.

"Amayi, musagone. Amayi!"

Diso linatseguka. Silinayang'ane ine.

"Vorkash. Sendera kuno."

Anasendera.

"Mwana wako uja. Dremek."

"Usamutchule. Mwana wanga mulibe m'zimenezi."

"Munamupeza powolokera mtsinje, chafufumimba m'madzi osafika m'mawondo. Munati anaterereka pamwala."

"Anaterereka."

"Mwana wokulira m'miyala angaterereke pamenepo?" Anapuma, chifuwa chikulira. "Ndinamupeza atagwada, akumwa. Mtendere unali utangopanganidwa, koma diso langa palibe anandibwezera. Ndinamuponda pakhosi. Sanalimbe. Nditamutulutsa kamodzi kuti ndione nkhope, sanatukwane, sanapemphere. Anangoti, 'Ababa.' Ngati kamwana kotayika pamsika."

Linali bodza. Chilimwe chimene Dremek anafa tinali awiri okha kubusa la pamwamba pa phiri, amayi ali chigonere atathyoka chiuno. Ndine ndinkawanyamula popita kuseri, ndine ndinkawatafunira nyama youma. Anandilumbiritsa kuti ndisauze aliyense, poti wankhondo sayenera kudziwika kuti anagwa pothamangitsa mbuzi. Kumtsinje sanafikeko mpaka chisanu.

Ndinaluma lilime.

Vorkash sanafuule. Anangouma. Kenaka khungu la pakhosi pake linada, mitsempha inatupa, ndipo mpweya unayamba kutuluka m'mphuno mwake ngati wa ng'ombe. Anthu amene anali kumbuyo kwake anafutuka.

"Ndakhala ndikukutumizira mkaka," anatero motsitsa. "Nthawi yonseyi. Ndimati wadwala mnzanga."

"Unali wokoma."

Wonola anayandikira mwamantha, anagwira dzanja lija n'kulikhudza ndi nsonga ya lilime. Nkhope yake inakwinyika.

"Ndulu!"

Amayi anakweza mpeni. Sindikudziwa mphamvuzo anazitenga kuti. Anamucheka Vorkash pamkono, kabala kakang'ono kosati n'kuopsa mwana, koma magazi anatuluka, ndipo imeneyo inali nkhondo. Nkhwangwa inatsika kamodzi, pakati pa khosi ndi phewa. Ntchentche ija inauluka.

Ng'oma zinagunda. Afuko anaponda pansi n'kufuula dzina la Zugra kumitambo, kuti alonda a pachipata alimve. Ine sindinafuule. Koma mumtima ndinkati alowa, alowa, amayi alowa.

Vorkash anazula nkhwangwa. Sanaipukute, sanaiike pansi. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana nkhope ya amayi, imene inatsala ndi kakumwetulira kakang'ono pakona ya mlomo. Ankawadziwa kuposa ine. Ankadziwa mmene ankamwetulira akapambana mwa mphamvu, ndi mmene ankamwetulira akapambana mwa nzeru.

Anatembenukira kwa ine.

"Iwe, mwana wa Zugra. Chilimwe chija unali nawo."

Wonola anamva. Anakweza dzanja, ng'oma zinaleka.

Aliyense pabwalopo ankadziwa malamulo awiri amene anali kundidikira. Imfa yobedwa ndi bodza Bazgur sailandira: Wonola akadziwa, amamasula mtembo kumzati n'kukaugoneka pachikopa, dzina lake osatchulidwanso. Ndipo magazi okhetsedwa pa nthawi ya mtendere amabwezedwa pa mwana wa wakuphayo, pomwepo, popanda woletsa. Amayi anabereka ine ndekha.

Wonola anapendeketsa mutu, khutu lake kulozetsa kwa ine. Afuko anayang'ana pansi. Vorkash anayandikira mpaka ndinamva fungo la mbuzi, ndi fungo lina lowawa pamwamba pake. Magazi a amayi ankadontha kunkhwangwa n'kugwera pachala changa cha kuphazi.

"Ndiyang'ane," anatero. "Anamuphadi mwana wanga?"