Akalulu Opanda Mafupa

Makiyi a kanyumba kosungilamo chimanga cha mpingo ku Nyimba amakhala ndi amai Bernadette Mwanza. Lachiwili m'mawa, mlamu wao Webster, woyendetsa lole, anatsitsa matumba anayi.

"Ndi akalulu owamba, alamu. Mundisungile mpaka Loweluka."

Amai Mwanza anavomela, poti m'bale sabwezedwa pakhomo, koma mtima sunakhazikike. Kalulu amawambidwa wathunthu, miyendo ili tambalale, ndipo amanunkhila utsi. Apa pankamveka fungo lachilendo lamchele. Atamasula thumba limodzi anapeza tinthu touma gwa, tofiilila, tonga khutu la munthu. Fupa panalibe ndi limodzi lomwe.

Anajambula pafoni n'kutumizila mwana wao Cynthia, wophunzitsa sayansi ku Petauke. Posakhalitsa foni inalila.

"Amama, mwazitenga kuti?"

"Akuti ndi akalulu. Uyambe wandiuza kuti n'chiyani."

"Zikuoneka ngati abaloni, nkhono za m'nyanja yamchele kumwela uko. Kalulu ali m'gulu la nyama zoyamwitsa, zokhala ndi msana. Izi zili m'gulu la nkhono."

"Zopanda zipsepse ndi mamba, zija za m'Levitiko?"

"Levitiko anakana zonse ziwili, kalulu ndi nkhono, amama, koma nkhani si imeneyo. Akalulu akadali ambili m'thengo, sali pangozi yakutha. Izi zikutha chifukwa chobedwa m'nyanja. Zikapezeka popanda mapepala achilolezo, apolisi amagwila mwini makiyi."

Amai Mwanza anakapeza Webster kumseu waukulu, akudya nthochi pamthunzi wa lole.

"Alamu, akalulu anu aja mafupa anasiya kuti?"

"Ndi a kutsidya, ngofewa," anayankha akuseka, maso ali kwina.

"Nanga mapepala ake?"

"Kalulu wayamba liti kuyenda ndi mapepala? Mwasiya kwaya, mwalowa upolisi?"

"M'mene muja muli chimanga cha amasiye. Dzuwa lisanafike pamutu, matumbawo achoke. Kenako ndipita kwa abusa kukanena zonse, ndi dzina lanu lomwe."

Webster analeka kutafuna.

"Ine, mng'ono wa malemu amuna anu?"

Mau amenewo anawalasa, pakuti Webster ndiye ananyamula bokosi tsiku la malilo. Anapemphela chamumtima kuti Ambuye awagwile lilime lisabwelele m'mbuyo.

"Inu nomwe, alamu. Madzi akumwa mudzawapeza kwathu tsiku lililonse, koma bodza sindikusungilani."

Webster anakweza matumbawo yekha, nachoka osatsazika. Amai Mwanza anamanga chitenje n'kulunjika kwa abusa, akuimba chapansipansi nyimbo ya m'buku.