Asisi Ake a Katsabola

Lamulo loyamba pa mpikisano wa ziphadzuwa uja linali lakuti mtsikana asakhale woti anaberekapo. Malamulo ena, a msinkhu ndi a sukulu, anthu ankangowapinda mmene afunira. Koma loyambali Madamu, mayi amene ankayendetsa mpikisanowo pa TV, ankaligwira ndi manja awiri. Ankati anthu amafuna kuona duwa, osati mayi wa munthu, kuyankhula ngati iwowo anachita kugwa kuchokera kumwamba.

Nsungwi anali ndi mwana. Dzina lakuti Nsungwi analitola ali kusukulu chifukwa cha kutalika ndi kuonda kwake, ndipo kutalika komweko n'kumene kunachititsa kuti amusankhe tsiku limene anakadzionetsa. Wopambana ankapatsidwa nyumba yokhalamo chaka chonse, galimoto ndi dalaivala wake, komanso ntchito yoonekera pa zikwangwani za mafuta odzola. Munthu amene wakhala akuluka tsitsi la eniake mu saluni kuyambira m'mawa mpaka zala kuuma sangamve zimenezo mtima n'kukhala m'malo. Atamufunsa ngati anaberekapo, Nsungwi anaseka n'kunena kuti ayi, ndipo palibe amene anakayika.

Nzeru yobisa mwanayo inachokera kwa amayi ake, amene aliyense ankangowatchula kuti Atelala. Anali atangosamukira kumene m'tauni imeneyo, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa shopu ya zitsulo, ndipo aneba anali asanawadziwe bwino. Bambo wa mwanayo anali atasowa kalekale, moti sakanatulukira n'kusokoneza. Atelala nawo anali mayi wooneka wamng'ono, woti akanena kuti uyu ndi mwana wanga womaliza palibe angatsutse. Vuto linali limodzi: mwanayo anali ndi pakamwa. Sikuti anamutcha Katsabola pachabe. Anali asanayambe sukulu, koma ankatha kukangana ndi wogulitsa makala mpaka wogulitsayo kukweza manja.

Maphunziro ake ankachitikira m'chipinda chosokera, pakati pa zidutswa za nsalu ndi mulu wa mayunifolomu a eniake. Tsiku lina Nsungwi anali ataima pa kampando atavala diresi yobiriwira yosamaliza kusoka, Atelala atagwada akupinda m'munsi mwake, mapini ali kukamwa.

"Iwe, ine ndine ndani?" anafunsa Atelala atalavulira mapini m'dzanja.

"Agogo."

"Ayi. Ine ndine amayi. Nanga awa?"

"Amama."

"Awa ndi asisi. Tanena."

"Mukunama agogo," anatero Katsabola. "Asisi a ndani? Inetu ndinatuluka m'mimba umu, anandiuza okha."

Nsungwi anaseka mpaka pini inamubaya m'chiuno. Atelala sanaseke. Anali atayesa maswiti, atayesa kunena kuti ndi masewera, zonsezo osaphula kanthu, ndipo masiku ankatha. Anamugwira mwanayo mapewa n'kumuyang'ana m'maso.

"Tamvera iwe. Ukangonena kuti 'amama' pamaso pa anthu a pa TV aja, amutenga, amukweza galimoto, ndipo sudzamuonanso mpaka kalekale. Wamva?"

Katsabola anatembenukira kwa Nsungwi, akudikira kuti anene kuti agogo akunama. Nsungwi anadziwa bwino lomwe chimene mwanayo akudikira. Mawu anali pamlomo. Koma anaona kuti kwa nthawi yoyamba pakamwa paja patsekeka, ndipo anangoyang'ana m'munsi mwa diresi n'kufunsa ngati kutsogolo sikwatalika. Basi, sukulu inathera pomwepo.

Atsikana onse anawasonkhanitsa m'nyumba ina ya alendo, makamera ali paliponse kupatula kuchimbudzi. M'mawa ankayenda ndi nsapato za gogoda m'khonde lalitali, Madamu akuomba m'manja ndi kukalipa kuti ena akuyenda ngati akuthamangira basi. Anawaphunzitsa kupaka mafuta pamano kuti milomo isamakakamire, kumwetulira kuzingobwera kokha ngakhale mapazi akuotcha. Sabata iliyonse ankawaimika pamzere atavala zosambira, Madamu n'kumayenda ndi tochi ya foni, kuunika pamimba ndi m'chiuno ngati wogula mbuzi. Nsungwi anali ndi timizere tochepa m'munsi mwa mchombo, ndipo ankalawirira anzake asanadzuke n'kutikwirira ndi zopaka za kumaso.

Mnzake amene ankagona naye chipinda chimodzi sanagwidwe ndi tochi. Mlamu wake ndi amene anaimbira Madamu n'kuulula kuti mtsikanayo ali ndi mwana. Anamutulutsa ndi sutikesi yake dzuwa likuswa mtengo, kamera ikumutsatira mpaka pageti, ndipo misozi yake anaionetsa sabata yonse pakati pa malonda a sopo. Otsalawo anapukusa mitu pamaso pa kamera n'kunena kuti bodza si labwino. Nsungwi anapukusa nawo.

Lamlungu lina analola achibale kudzacheza. Katsabola analowa atagwira siketi ya Atelala, tsitsi lake litalukidwa mizere yokhotakhota, ndipo Nsungwi anamva kuwawa kuti manja ena ndi amene analigwira. Anagwada n'kutambasula mikono. Mwanayo anayang'ana kamera, anayang'ana Atelala, kenako anapereka dzanja limodzi ngati mlendo.

"Muli bwanji asisi?"

"Kamwana kaulemu bwanji!" anatero Madamu. "Mayi, tsiku lomaliza mubwere nako. Kamera imakonda ana."

Atelala anamwetulira monyada, ngati mmene amachitira chovala chikamukwana kasitomala. Nsungwi anapita kuchimbudzi, kumene kunalibe kamera, n'kukalira pang'ono, kenako anapakanso kumaso n'kubwerera. Anadziuza kuti ndi zakanthawi, ndipo mwana sachedwa kuiwala.

Tsiku lomaliza linali Loweruka masana, mu holo ya hotelo yaikulu, ndipo zonse zinkaulutsidwa pompopompo. Atsikana anayenda ndi zosambira, anayenda ndi madiresi, oweruza akuchotsamo mmodzimmodzi mpaka anatsala asanu. Nsungwi anali wachinayi pamzere, atavala diresi yobiriwira ija, kamaikolofoni atakapanirira pachifuwa kuti mayankho ake amveke. Magetsi ankamuthobwa m'maso moti anthu sankawaona, ankangomva phokoso lawo. Anadzamva pambuyo pake kuti Atelala ataimirira kuombera m'manja, Katsabola anatsika pampando kukafuna chimbudzi, ndipo iwo atazindikira anathamangira panja kukamusaka pakati pa magalimoto, kumene mawu a m'holo sankafika.

Woulutsa, bambo wa suti yonyezimira amene ankaseka nthabwala zake asanazimalize, anali atangotsegula pakamwa kuti afunse funso loyamba pamene mlonda anatulukira m'mbali mwa siteji atagwira mwana padzanja. Mlondayo ankangofuna kuti alengeze za mwana wosochera. Koma Woulutsa anagwira kachipangizo ka m'khutu mwake, anamvera zimene a makamera ankamuuza, ndipo nkhope yake inawala.

"Amayi ndi abambo, kwatibwerera chiphadzuwa china!"

Anthu anaseka. Katsabola anaima pakati pa siteji, nsapato imodzi itamasuka lamba, maso ali tong'o. Sankalira mokweza. Kachifuwa kokha ndi kamene kankakwera ndi kutsika. Kenako anamuona Nsungwi.

"Iwe, si mng'ono wako uja?" ananong'ona mtsikana wa pambali pake, mano ali pamtunda.

Sizinali zovuta ayi. Akanangoyenda n'kumunyamula, n'kunena kuti ndi mng'ono wanga, holo yonse ikanamuombera m'manja. Koma Nsungwi ankamudziwa mwana wake. Akachita mantha, ukangomunyamula amakwirira nkhope pachifuwa n'kukuwa kuti amama, ndipo pachifuwa pomwepo m'pamene panali kamaikolofoni. Anasiya miyendo yake pamene inali. Mafuta a pamano anagwira ntchito yake.

"Dzina lako ndani, mami?" Woulutsa ananjuta n'kumulozetsa maikolofoni yaikulu. Mwana zii. "Wabwera ndi ndani? Amayi ako ali kuti?" Zii. Katsabola, amene pakamwa pake sipankapuma ngakhale akudya, anangoluma mlomo.

"Kapena amayi ake ali pompano?" Woulutsa anatsinzinira kamera. "Madamu, munafufuza bwino? Tiyeni tifufuze tokha!"

Holo yonse inafa ndi phwete. Woulutsa anamugwira mwanayo dzanja n'kuyamba kuyenda naye pamzere. "Ndi awa?" Woyamba anagwira pamtima n'kuseka. "Ndi awa?" Wachiwiri anakupiza manja kukana. Wachitatu anabwerera m'mbuyo ngati wauzidwa kuti agwire chule, anthu n'kuwonjezera kuseka. Kenako anafika pa Nsungwi.

"Nanga aatali awa? Yang'anitsitsa. Ndi amayi ako awa?"

Katsabola anakweza mutu. Anali pafupi moti Nsungwi ankamva fungo la sopo wa kunyumba. Kadzanja kake kanatambasuka pang'ono kulunjika diresi yobiriwira, kenako kanabwerera n'kubisala kumbuyo. Anapukusa mutu pang'onopang'ono. Madzi anayamba kutsika m'miyendo yake, kulowa m'masokosi, n'kupanga kachithaphwi pa siteji.

"Eee, watiyankha ndi mvula!" anakuwa Woulutsa akudumphira kumbali.

Atsikana anaseka. Nsungwi nayenso anaseka, chifukwa kamera inali pa iye. Anamva kuseka kwake kukutuluka m'masipika, ndipo anadzida kuposa mmene anadera munthu wina aliyense pamoyo wake. Pomwepo Atelala analowa akuthamanga, nsapato zili m'manja, akukuwa kuti mwana wanga, mwana wanga, ndipo anthu anawaombera m'manja. TV inapita ku malonda. Mayi wina wokolopa anabwera ndi chigoba cha madzi n'kupempha Nsungwi kuti akweze phazi.

Funso limene anamufunsa sanalikumbukirenso. Anayankha zimene analoweza, mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono, ndipo oweruza anati pa chisokonezo chonse chija palibe amene anaima molimba ngati iye. Anati chiphadzuwa chenicheni n'chotero, sichigwedezeka ndi za mwana wa eniake. Anamuveka chisoti chonyezimira, anamukoleka lamba pachifuwa, anamupatsa maluwa olemera ngati mtolo wa nkhuni, nyimbo zikugunda mpaka m'mimba.

Atatsika pa siteji anathothola kamaikolofoni kaja n'kukaponya patebulo. M'chipinda chovalira munali magalasi okhaokha ndi fungo la mankhwala a tsitsi, atsikana ena atatuluka kale kukalirira kwa achibale awo. Atelala anali atakhala pakona, misozi ya chimwemwe ili chuchuchu. Pambali pawo panali Katsabola atakulungidwa m'juzi yawo, zovala zake zonyowa zili m'jumbo pansi pa mpando.

"Mwana wanga, wawina! Ndinkakuuza ine!" anatero Atelala.

Nsungwi sanawayang'ane. Anataya maluwa pansi n'kugwada patsogolo pa mwanayo, diresi ikung'ambika m'mbali. Katsabola anayang'ana kuchitseko, anayang'ana m'makona a denga monse, ndipo ataona kuti mulibe kamera anasendera n'kuika pakamwa pakhutu pa Nsungwi.

"Sindinanene."

"Ndinaona," anatero Nsungwi.

"Ngakhale kamodzi. Bambo uja amandifunsafunsa koma sindinanene."

"Wachita bwino, mwana wanga. Pepa. Pepa kwambiri."

"Ndiye sakutengani eti? Tiyeni kwathu, ine ndatopa."

Asanayankhe, chitseko chinatseguka. Madamu analowa ndi mafoni awiri m'manja, kumbuyo kwawo kuli wojambula.

"Dzuka, dzuka, ukuononga diresi! Galimoto ikudikira panja. Sutikesi yako tatumiza kale kunyumba yatsopano, mawa m'mamawa tili ndi atolankhani." Anatembenukira kwa Atelala. "Mayi, mwana wanu tsopano ndi wathu chaka chonse. Muzibwera kudzamuona akakhala kuti alipo, koma muziyamba mwaimba foni. Kamng'ono kakeka muzibwera nako, anthu akakonda zedi."

Katsabola anamva mawu akuti galimoto. Anayang'ana Madamu, anayang'ana chisoti cha pamutu pa Nsungwi, kenako anakoka mkono wa Atelala.

"Amayi, auzeni. Inetu sindinanene."

"Sunanene chiyani, mami?" anafunsa Madamu akuseka.

Mwanayo anayang'ana Nsungwi n'kutseka pakamwa ndi manja onse awiri.

Madamu anamugwira Nsungwi mkono n'kumuimiritsa, anamuwongolera chisoti, anamupukuta m'munsi mwa maso ndi chala, n'kumubwezera maluwa ake. Nsungwi anatuluka nawo. M'khonde monse, wojambula akuyenda chafutambuyo patsogolo pake, ankatchera khutu kumbuyo, akupempha mumtima kuti mwanayo akuwe, atchule mawu aja mokweza aliyense amve, zonse zithere pomwepo. Anafika pakhomo, dalaivala anamutsegulira chitseko. Mwanayo sanakuwe.