Ndagwiratu

Ku saluni ankamutcha Chitulo, ndipo dzinalo silinali lachipongwe ayi, linali loona. Ankatha kugona ali chiimire, chipeso chili m'manja, mutu wa kasitomala utalukidwa mbali imodzi. Koma chachikulu sichinali tulo. Chinali kuseka. Akangoseka kwambiri, mawondo ankalobodoka, khosi lende, manja n'kutaya chilichonse chimene agwira, iye n'kugwa khu, chonsecho akumva zonse. Kuchipatala anati ndi matenda a mu ubongo, si ulesi. Anamupatsa mapilisi, moyo n'kulongosoka.

Ndiye taonani amene anakakwatiwa naye! Makanika wanthabwala, munthu woti akangotsegula pakamwa ngakhale mwini galimoto wokwiya amaiwala chimene wabwerera. Anzawo ankati awiriwa adzaphana ndithu.

Atakhala ndi pakati, dokotala wake, mayi wa magalasi wosakonda kuzungulira, anawakhazika pansi onse awiri.

"Sindikunamizani, mayi. Mapilisi mukumwawa sitikudziwa mokwanira zimene amachita kwa mwana wa m'mimba, ndipo pali zotikayikitsa. Tiwasiye kaye, koma mmene ndikuuzireni ine, osati panokha."

Mwana atabadwa, wamkazi, dokotalayo analankhulanso mosabisa. "Mankhwalawa amatha kulowa mu mkaka. Mukafuna kuyambiranso, bwerani tikambirane za botolo kapena kusintha mankhwala. Mukasankha bere, muziyamwitsa mutakhala pansi, munthu ali pafupi. Osayenda naye m'manja muli nokha, osamusambitsa nokha."

Chitulo anasankha bere. Ankaopa, koma anasankha.

Lamulo lina silinachokere kwa dokotala. Analipanga yekha mwamuna wake, chifukwa cha mantha omwewo. Akafika pakhomo ankavula nsapato zamafuta zija, n'kuvulanso nthabwala. Wailesi inatsekedwa. Mlamu wake wa Chitulo, mchemwali wa makanikayo, amene ankabwera masana kudzathandiza, akayamba nkhani zake zoseketsa ankangomva, "Muno ayi, achemwali." Nyumba inangoti zii, mpaka mayi woyandikana nawo anagogoda kudzafunsa monong'ona ngati mwana ali bwino.

Kenako mwanayo anayamba kumwetulira. Abale inu, kakamwa kopanda dzino kaja kakati mwee, ndani angapirire? Chitulo ankamva chiseko chikukwera m'chifuwa, manja n'kuyamba kupepuka, mwana ali m'manja momwemo. Ankatembenukira kukhoma msangamsanga, kudziluma mlomo, n'kumakumbukira dala maliro a bambo ake mpaka chisekocho chitabwerera. Ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo ankazichita bwino. Mwana sanagwe ngakhale kamodzi.

Tsiku lina mlamu uja akupinda matewera, ananena mosaganiza kanthu. "Koma kamwana aka n'kochenjera, alamu! Ine kamandisekerera, bambo ake kamawasekerera, ngakhale katani wa pawindoyu. Koma kakafika kwa inu kamangoti duu. Kadziwa kale kuti kwa amayi saseka."

Chitulo anayang'ana mwana amene anali pabere. Mwanayo ankayamwa maso ali pa iye, nkhope ili gwa, ngati munthu wamkulu amene wakhala pamzere wa kuchipatala. Zinamupweteka kwambiri. Mkaka ankamupatsa, inde, koma nkhope ankamumana.

Madzulo dzuwa lisanalowe anakankhira tebulo kukhoma, n'kukokera matiresi pakati pa chipinda chochezera. Anagoneka mwana chagada, iye n'kugona chammbali pafupi naye, manja atawaika kutali kuti asamupsinje. Mwamuna wake atalowa anaima chilili, chikwama chili paphewa.

"Mwagwa? Mwavulala?"

"Ayi. Ndagwiratu," anatero Chitulo. "Pano palibe kogwera kwina. Ikani chikwamacho, mukhale apa pafupi ndi mwana, mundiseketse."

"Mayi a mwana, musatero."

"Ndakupemphani."

Bamboyo anagwada. Munthu wa pakamwa posatopa uja anasowa poyambira. Kenako anakhosomola, n'kuyamba kutsanzira galimoto yakale ya abwana ake ikukana kulira m'mawa: khe, khe, khe, khrrr, phwii! Anagwedeza mapewa, masaya atafufuma, maso atatuzuka.

Chitulo anaseka maso ali pa mwana wake, osatembenukira kukhoma. Kanali kanthawi kochepa zedi. Matenda aja sanachedwe: chibwano chinagwa, zikope zinalemera, kumwetulira konse kunafufutika pankhope pake, thupi lonse lende pamatiresi. Sankatha kusuntha ngakhale chala. Koma makutu ankamva, ndipo pafupi ndi khutu lake lenilenilo anamva kamawu ka mwanayo kamene kanali kasanalunjikepo kwa iye, kakuti ke, ke, kadzanja kofunda kakumumenya pamphuno.

Misozi inatsikira m'khutu, iye osatha kuipukuta. Anaipukuta mwamuna wake, ndi chala chonunkha mafuta a injini.

Mphamvu zitabwerera, lilime likadali lolemera, anati, "Mawa tipite kwa adokotala. Ndikawauze zonse, ndi za kukhoma zomwe, tikamve kuti tingatani."

"Tipita," anatero bamboyo.

Mwana uja anali akuyang'anabe mayi ake, kakamwa kali yasa, akudikira. Chitulo anasendeza nkhope yake pafupi.

"Iyambitseninso galimoto ija," anatero.