Chipilala Nambala 14

Mzungu wamkazi atatsika pa kabaza, mapu ali m'manja, a Bizwick anadziwiratu kuti munda wawo wapita. Ku Thyolo kuno munthu wa mapu sabwerera zabwino. Komanso esiteti ya tiyi yoyandikana nawo inali itawauza kale kuti chimanga chawo chalowa m'malo a kampani.

Mayiyo, dzina lake Rachel, anabwera ndi a Fraser, mphunzitsi wa ku Luchenza, omutanthauzira. Akuti agogo ake anali mkulu wa asilikali a ku Britain omanga milatho ndi misewu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankaphunzitsa azungu a m'maesiteti amene anadzipereka ku usilikali kayezedwe ka malo, ndipo ankazika zipilala za simenti zokhala ndi nambala. Rachel ankangofuna kujambula chimodzi.

"Kuno kulibe," anatero a Bizwick.

Bodza lamkunkhuniza. Chipilala chinalipo kumtunda kwa munda, mu nthochi, ndipo akazi awo a Marita ankanolerapo chikwanje.

"Munthu kukwera ndege kudzajambula simenti?" anatero a Bizwick alendo atachoka. "Awa atumidwa ndi a manijala a esiteti."

"Bwanji muyambe mwaona pepalalo?" anafunsa a Marita.

"Pepala ndi limene linadya munda wa malume anga."

Lamlungu, anthu ali ku tchalitchi, a Bizwick anatenga piki ndi hamala. Chinthucho chinali cholimba zedi, asilikali aja sankaba simenti ayi. Thukuta kamukamu, anachizula, anachiswa, zidutswa n'kukataya mumtsinje. Dzenje anakwirira n'kubzalapo nthochi. Anabwerera kunyumba akuimba mluzu, akudziona ochenjera kuposa Luchenza yense.

Lachiwiri a Fraser anatulukira okha, ali wefuwefu, fotokope ya mapu aja ili m'thumba la shati.

"Achimwene, ndawerenga bwinobwino. Chipilala nambala 14 ndiye malire a esiteti. Kuchokera pamenepo mpaka kumtsinje, msilikali uja analemba yekha kuti ndi malo a anthu a m'mudzi. Tikachipeza chili chiimire pomwe anachizika, a manijala alibenso mawu. Inu mwakulira pompano, simunachionepo?"

A Marita anasiya kupeta nandolo, n'kuyang'ana amuna awo. Mantha anawagwira a Bizwick, anangokhala pansi padothi pomwepo.

"Nanga chikapanda kupezeka?" anafunsa motsitsa mawu.

"Chikapanda kupezeka, achimwene, thirakitala ya kampani ikulowa muno Lolemba."