Makeke Awiri a Masana

"Alamu, keke ya amayiwa ili kuti?"

Mwini bekare anaima pakhomo la kaofesi, manja ali ufa wokhawokha. Kumbuyo kwake kunali mayi wa mkwatibwi, atatchena kale, galimoto ikulira panja.

Mlamu wakeyo, yemwe ophika ankamutcha Magalasi, anasuzumira pakompyuta. Ndiye amene analemba pulogalamu yondandalika maoda kuti ophika aziona choyamba kulowa mu uvuni. Oda ya mayiwo munalibe.

"Mwina sinalembedwe," anatero chapansipansi.

"Ndinalemba ndekha ndi zala izi! Kapena magalasiwo ndi okongoletsera nkhope?"

Magalasi anatsegula mkati mwa pulogalamuyo. Kompyuta imadziwa yokha kuti faifi imaposa folo, koma oda ya keke siidziwa. Pamafunika munthu ailembere lamulo loyerekezera maoda awiri: iyi itsogole, iyo itsatire, kapena n'zofanana. Iye anailamula kuti iziyang'ana nthawi yodzatengera basi. Tsono momwe ankasungiramo maodawo, zofanana sizikhala ziwiri.

Tsikulo makeke a masana analipo awiri, ya tsiku lobadwa ndi ya ukwati. Kompyuta inasunga yoyambayo, inayo n'kuitaya ngati yobwereza.

Magalasi anatembenukira kwa mlamu wake. "Yaona ngati ndi keke imodzi, poti nthawi yake ndi imodzi."

"Imodzi? Ine ndi akazi anu ndife mapasa, tinabadwa tsiku limodzi. Ndiye kuti munakwatira tonse?"

Ophika anaphulika kuseka. Mayi aja sanaseke nawo.

"Mwana wanga adula chiyani pamaso pa anthu? Kompyutayo?"

"Pepani amayi, madzi akatayika saoleka," anatero mwini bekare. "Koma madyerero ndi madzulo. Pitani kutchalitchi, keke ndibweretsa ndekha kuholo."

Mayiwo anatuluka osatsanzika.

Magalasi anawonjezera mizere iwiri palamulo lija: nthawi ikafanana, kompyuta iziyang'ana nambala ya oda, poti nambala sizibwerezedwa. Analowetsa maoda awiri a nthawi imodzi kuti ayese. Onse anaoneka, ina pamwamba ina pansi. Anayesanso ndi atatu.

"Zatheka, alamu," anatero akuimirira.

"Zatheka pagalasipo. Keke ija ikadali m'thumba la ufa."

Mwini bekare anamuponyera epuloni pachifuwa, n'kumulozera mateleyi a mazira patebulo.

"Muziswa limodzilimodzi. Akufanana onse, koma musatayepo ngakhale limodzi."

Magalasi anapinda manja a malaya.