Edda ya Jalia

Kodi mkazi amene watha nyengo yonse ya nandolo maso ali kunjira, mwamuna wake akatulukira ndi kumufunsa funso limodzi lokha, angayankhe chiyani? Talingalirani pamene mukumva za Jalia wa kwa Nkhulambe.

Bashiri, mwamuna wake, anali mkamwini. Ankafuna kumutenga Jalia kuti akakhale kwawo kwa Chiwalo, koma Jabiri, mlongo wake wa Jalia, anakana kuti mbumba yake sichoka pamunda wa makolo. Anakangana mpaka Bashiri analumbira kuti sadzagwadanso pamaso pa mlamu wakeyo. Mkwiyo womwewo anafika nawo kunyumba. Anatchula talaka, mawu osudzulira mkazi, kamodzi, n'kumangirira zovala panjinga, ulendo.

Ashehe a pamzikiti anamufotokozera Jalia lamulo.

"Mwana wanga, ukhala pa edda, nthawi yodikira ya mkazi wosudzulidwa, kufikira utapita kumwezi kachitatu. Mwamuna wako akabwera edda isanathe, mawu ake okha akwanira, banja lilipo. Ikatha, ameneyo ndi mlendo. Adzayenera kukakupempha kwa mlongo wako, kumanganso ukwati pa nikaha yatsopano, kukupatsanso mphatso ya ukwati, mahari atsopano." Kenaka anapukusa mutu. "Lamulo limati mkazi asatulutsidwe m'nyumba. Kuno kwathu nyumba ndi ya mkazi, ndiye amatuluka ndi mwamuna."

Jalia anakhala. Nandolo anathyola yekha, anayanika yekha, anapuntha yekha. Belu la njinga likalira kumsewu ankaimitsa lichero m'malere, mpaka njingayo ipitirire. Pakhoma la khonde panali kadzenje kamene chogwirira cha njinga ya Bashiri chinakumba ndi kutsamira kwa tsiku ndi tsiku. Pozira nyumba, malo amenewo ankawalambalala.

Tsiku lina kumjigo, Aliness, mnzake wachikhristu woyandikana naye nyumba, anamukokera pambali.

"Iwe, zowerengawerenga zakozo amadziwa ndani? Ashehe amabwera kudzaona?"

"Ndimadziwa ine."

"Ndiye vuto lili pati? Akabwera mochedwa ungoti nthawi ikadalipo. Anthu a kumzikiti mumadzivuta bwanji."

Jalia anaseka pang'ono, n'kusenza ndowa yake. "Nanga poswali nkhope ndidzaiika pati?"

Bashiri anabwera Lachisanu masana, anthu atatuluka mumzikiti. Njinga sanakaitsamiritse pakhonde, anaiimika pansi pa mtengo wa mango ngati mlendo. Kumbuyo kwake anamangirirako shuga ndi chitenje chatsopano. Jalia anamutulutsira mpando ndi madzi akumwa, iye n'kukhala pamkeka chapatali.

"Wawonda," anatero Bashiri.

"Inunso khosi latalika. Kwanuko sakuphikirani?"

"Amaphika, koma mchere sautha." Anazunguza kapu m'manja. "Jalia, ndinalankhula ndi mkwiyo. Ndawerenga pakalendala, mwezi wachitatu sunathe, ndiye ndabwera kudzabweza mawu anga. Koma ndadzera kwa ashehe, akuti kalendala ilibe ntchito, wonena ndiwe. Ukundidziwa, kwa Jabiri sindingapite. Ndikachoka pano lero, ndachokeratu. Tandiuza, edda ikadalipo?"

Jalia anayang'ana chitenje chija. Chinali cha mtundu umene amaukonda, ndipo anadabwa kuti mwamunayo ankakumbukirabe. Mawu a Aliness anamubwerera. Panalibe munthu pansi pano amene akanamutsutsa. Akanangogwedeza mutu, njinga ikanabwerera pakadzenje kake madzulo omwewo, ndipo mawa m'mawa akanatenthetsa madzi osamba a anthu awiri.

Koma anaganizanso za zaka zimene zikanatsatira: kugona ndi kudzuka ndi mwamuna amene pamaso pa Mulungu si mwamuna wake, chinsinsicho ali nacho yekha. Anaona kuti kusungulumwa kumeneko kukanaposa kwa miyezi yapitayi.

Bashiri anadikira, kapu ili m'manja.

Jalia anamuyankha kuti edda inatha dzana.